Nsangalabwi za mu Mgolo wa Chaka cha Chisanu

Bambo Renaud Vauchelet anaugwedezanso mgolowo kuti wapolisi adzimvere yekha. M'katimo munamveka gobedegobede, phokoso limene vinyo sachita.

"Wamva? Miyala imeneyo," anatero. "Ine kumati ndikulera vinyo, osadziwa kuti ndikulera miyala."

Maud Tissery anangogwedeza mutu. Anali asanathe ndi chaka chomwe chivalireni yunifolomu, ndipo mwatsoka anamutumiza kudzagwira ntchito kwawo komwe, ku Corbelay, kumene aliyense ankamukumbukira ali kamtsikana kothawira kuseri kwa siketi ya mayi ake munthu akakapatsa moni. Ngakhale tsopano, akati ayankhule ndi munthu wamkulu makutu ankamutentha. Anali atapeza nzeru yomayang'ana munthu pachipumi m'malo mwa m'maso, nzeru imene sanaululirepo aliyense. Mkulu wake wa kupolisi anali atathamangira ku ngozi ya pamsewu wa ku Beaune. Pochoka anamuuza kuti nkhani ya kwa a Vauchelet ndi yosavuta, wakuba akudziwika kale, iye angokamva mbali zonse ndipo madzulo abwere naye munthuyo.

Munthuyo anali Bambo Joaquim Seixas, wantchito wa m'phanga la a Vauchelet. Kuno chipinda chapansi chosungiramo vinyo timangochitcha phanga, ndipo la a Vauchelet ndi limodzi mwa akale kwambiri, lozizira, makoma ake akuda bii ndi chuku, migolo yamatabwa itagona m'mizere. M'mawa umenewo abwana ndi wantchito wawo ankasamutsa vinyo kuchoka mu mgolo wina kupita mu wina kuti masese atsale, monga timachitira nyengo yozizira ikamatha. Mgolo umodzi unauma msanga, wolandira usanadzaze. Ataugubuduza kuti bowo liloze pansi, munayamba kugwa nsangalabwi zosalala, zazikulu ngati mazira a njiwa, mpaka zinadzaza ndowa ziwiri.

Ukanakhala mgolo wina uliwonse, bwenzi nkhaniyi itathera pabwalo. Koma unali wa chaka cha chisanu.

Chaka chimenecho chisanu chinabwera mochedwa, mipesa itaphuka kale. Anthu anayatsa makandulo akuluakulu m'mizere kuti atenthetse mpweya, phiri lonse likunyezimira ngati m'tchalitchi, koma pofika dzuwa kutuluka masamba anthete ambiri anali atawauka. Kenako kumwamba kunachita ngati kukupepesa. Kunabwera dzuwa lalitali lopanda matalala, mphepo yozizira mbandakucha, kamvula kamodzi pa nthawi yake, ndipo mphesa zochepa zotsalazo zinapsa pang'onopang'ono, zing'onozing'ono ngati nandolo, zakuda, za khungu lokhuthala. Kamunda ka a Vauchelet kotchedwa Combotte, kamene pa chaka chabwino kamadzaza migolo ingapo, kanatulutsa mgolo umodzi wokha. Madoda a kuno amatsutsana pa chilichonse, ngakhale pa kumene mphepo ikuchokera, koma amene analawako mu mgolo umenewu ankakwera masitepe ali chete, chipewa chili m'manja. Amene anayatsa makandulo ku Combotte anali malemu Bambo Fernand, bambo awo a Renaud. Chifuwa chimene anachitenga m'mawa umenewo sichinawasiyenso, ndipo anamwalira mphesazo zisanathyoledwe.

Bambo Renaud anafotokoza mbali yawo mofulumira, akuyendayenda. Makiyi a khomo lakunja anali nawo iwo ndi Joaquim basi. Khomo lina linali la kukhitchini kwa mayi awo, Mayi Huguette, koma mayiwo sanatsikeko kuphanga chimwalirireni amuna awo, mawondo anawakana. Mgolowo anali ataugulitsa kale kwa wamalonda wina wa ku Beaune, amene amadzautenga sabata yomweyo. Iwo anali atamuuza kale Joaquim kuti pofika Loweruka akhale atachoka m'nyumba ya pamunda imene amakhalamo ndi banja lake, ndipo ankafuna kuti amangidwe.

"Vinyo wotsalayo wawonongeka?" Maud anafunsa, mawu akutuluka ang'ono kuposa mmene amafunira.

Bambo Renaud anaima. Nkhope yawo inafewa asakufuna.

"Ayi. Ali bwinobwino. Mwina kuposa kale."

Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti mdani wa vinyo ndi mpweya. Mgolo uyenera kukhala wodzaza mpaka kukhosi, ukatsika pang'ono vinyo amayamba kusasa. Wakuba wamba akanatunga n'kuthawa, wochenjera akanathiramo madzi kapena vinyo wachabechabe. Uyu ankati akatunga, amaponyamo miyala kuti vinyo akwerenso afike pa chitsekerero. Maud anatola nsangalabwi imodzi. Inali itafiira pang'ono ndi vinyo, koma inalibe ndi kadothi komwe. Ndi wakuba wanji, anadzifunsa, amene amati akaba m'nyumba amayamba wafunditsa mwana bulangete?

*

Maud anawapeza Bambo Joaquim pakhonde pa nyumba ya pamunda, atakhala pa bokosi lothyolera mphesa, akunola mpeni wodulira mipesa ngati kuti mawa kuli ntchito. Anabwera kuno kuchokera ku Portugal ali mnyamata wothyola mphesa, ndipo tsopano imvi zinali zitawayamba. Sankakonda mawu. Mawu ankawasiyira akazi awo, Mayi Graça, amene anaimirira pakhomo manja ali m'chiuno, n'kumuuza Maud asanafunse n'komwe kuti mwamuna wawo ndi bulu, kuti ana awo awiri ali pasukulu pano, kuti m'nyumbamo atha kufufuza mpaka m'masokosi, ndi kuti m'mudzi wavinyo munthu amene watchedwa wakuba vinyo ngakhale galu samulemba ntchito.

Maud anawafunsa bambowo ngati anaonapo chachilendo pa mgolowo.

"Unasiya kumwa," anatero.

Anafotokoza mwachidule. Thabwa limamwa, ndiye sabata iliyonse iwo amayenda ndi mtsuko, kutsekula mgolo uliwonse n'kuwonjezera pamene patsika. Wa ku Combotte, kuyambira chaka chatha, nthawi zonse ankaupeza wodzaza.

"Nanga bwanji simunawauze abwana?"

"Ntchito yanga ndi kumwetsa migolo ya ludzu. Wopanda ludzu ndimaudutsa."

"Bambo Seixas, mukudziwa amene ankatunga?"

Anayesa mpeniwo pa chala chachikulu. "Iwe mwana wa Tissery, ndinakukwezapo pa thirakitala uli ndi mamina, ukulira kuti ukufuna kutsika."

Makutu a Maud anayaka. Anayang'ana pachipumi pawo. "Mukapanda kundiuza kanthu, madzulo ano ndidzakutengani."

"Ndiye ubwere ndi galimoto yaikulu. M'kaja kakang'ono mawondo anga sakwanamo."

Mayi Graça analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Maud anafunsa funso limodzi lotsiriza, ngati anachokapo pamudzi nthawi yonseyo, ndipo anamva kuti mwezi wonse wa Ogasiti banja lonse linali kwawo ku Portugal, monga chaka chilichonse. Ali pafupi kufika pageti, bambowo anamuitana, maso ali pa mpeni.

"Miyala ija usaitaye. Ili ndi mwini wake."

*

Maud anabwereranso kwa Bambo Renaud ndi funso limodzi lokha: mu Ogasiti, Joaquim kulibe, ankamwetsa migolo ndani? Anali iwo. Nanga wa ku Combotte ankaupeza bwanji? Poyamba anati sakukumbuka. Kenako anavomera kuti unali wodzaza mwezi wonsewo, pamene anzake ankatsika, ndipo iwo ankangoyamikira thabwa. Maud anawauza kuti ndiye kuti wina ankautsekula mgolowo Joaquim ali kutsidya kwa mapiri. Bambo Renaud anayankha kuti kiyi alibe miyendo koma amabwerekedwa, ndipo Apwitikizi anzake a Joaquim ndi ambiri kuno. Maganizo awo sanasinthe.

Inali nthawi ya nkhomaliro, ndipo Maud analowa m'kanyumba kodyera ka pamphambano, nsangalabwi ili m'thumba. Pa tebulo la pawindo panali Dédé, womanga mipanda yamiyala ya m'minda yampesa, munthu amene sanayankhepo funso lililonse popanda nthabwala. Atamuona anakweza manja onse m'mwamba n'kunena kuti akudzipereka, soseji imene inasowa pa phwando la chaka chatha anadya ndi iyeyo.

Maud anamwetulira n'kukhala naye moyang'anana. Pa tebulo panali kabotolo ka viniga wothira m'masamba, ndipo kanamukumbutsa tsiku lina kusukulu, aphunzitsi akudonthezera viniga pa mwala. Anatuluka, kutola kamwala ka mumsewu, n'kukaika pa mbale pambali pa nsangalabwi ija. Anadonthezera zonse ziwiri. Kamwala ka mumsewu kanachita thovu, kakulira sii. Nsangalabwi inangonyowa.

"Apolisi amakono," Dédé anatero, "akufufuza ndi zokometsera ndiwo."

"Bwanji iyi sikuchita thovu?"

Dédé anaitenga, kuigubuduza m'manja mwake mokhakhala. Anati phiri lathu lonse ndi mwala wa laimu, umene umachita thovu ndi viniga, ndiye chifukwa chake mpesa umalikonda, koma mwala wake ukauponya mu vinyo umamuyamwa mphamvu, amatsala wozizira ngati madzi otsukira mbale. Iyi ndi ya kumtsinje, youma mtima, ikhoza kugona mu vinyo zaka zana osamulanda kanthu. Amene anaisankha, anatero, amamukonda vinyo kuposa mmene iye amamukondera mkazi wake, ndipo asakamuuze mkaziyo.

"Nanga ya kumtsinje ingafike bwanji kuno? Mtsinje uli kutali."

"Pokhapokha munthu ataitumiza. Ine m'mudzi muno ndinathirapo yotere malo amodzi okha, ndipo..."

Anasiyira pomwepo. Anaibweza nsangalabwiyo pa mbale pang'onopang'ono, ngati dzira. Maud anadikira nthabwala, koma sinabwere.

"Msuzi wanga ukuzizira, mwanawe," anatero, n'kuweramira mbale yake.

Maud sanamukakamize. Aliyense amadziwa kuti Dédé akasowa mpanda womanga, amakonza manda.

*

Manda a Corbelay ali pamwamba pa mudzi, pakati pa mipesa, ndipo anthu amaseka kuti akufa anatenga dothi labwino koposa. A Vauchelet ali ndi kanyumba kawo kamiyala ka chitseko chachitsulo, ndipo patsogolo pake pali kabwalo kothiridwa nsangalabwi zoyera. Maud anakaona ali patali. Mbali ya kumanzere kanali kodzaza. Mbali ya kumanja kanali katapyapyala moti dothi linkaonekera, ngati mutu woyamba dazi.

Mayi Huguette anali pomwepo, akuthirira maluwa a m'miphika. Anali mayi wamfupi, woongoka, wa jasi lakuda, chikwama chachikulu chili pamkono. Ali mwana, Maud ankawoloka msewu akawaona akubwera. Mayiwo anamufunsa za mayi ake, n'kudandaula kuti maluwa a masiku ano salimba. Maud anayankha zonse mwaulemu. Sanadziwe poyambira. Potsiriza anangotulutsa nsangalabwi yofiira ija, kugwada, n'kuiika pakati pa zinzake zoyera.

Mayiwo anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Osati pamenepo. Uibwezere kumanja, n'kumene inachokera."

Anatulutsa kiyi m'chikwama n'kutsekula chitseko chachitsulo. Masitepe ochepa ankatsikira pansi, ndipo anatsika bwinobwino, mawondo osadandaula. M'katimo munali mozizira ngati m'phanga. M'khoma munali malo ogonekamo mabokosi, ena otsekedwa ndi miyala yolembedwa mayina. Pa mwala watsopano panali dzina la Bambo Fernand. Pambali pake panali malo otsekula, oyembekezera mwini wake, ndipo m'menemo munagona mabotolo akuda opanda mapepala, osanjikidwa mwaluso, pakamwa pali phula.

"Awa ndi malo anga," Mayi Huguette anatero. "Ndawabwereketsa."

Anafotokoza osachita manyazi, ngati akupereka njira yophikira. Amuna awo anapalasa miyala ya laimu moyo wawo wonse, ndiye pamanda pawo iwo anaitanitsa ya kumtsinje kuti apumeko. Zoti idzagwira ntchito ina sankadziwa. Anadziwa tsiku limene mwana wawo anawauza kuti mgolo wa ku Combotte waugulitsa, ndipo wamalondayo adzauthira m'thanki limodzi ndi vinyo wa anthu ena, n'kumata pa mabotolo dzina la mudzi basi. Anamupempha kuti asatero. Iye anati chaka cha chisanu chasiya dzenje m'thumba, amayi sakumvetsa zamalonda. Ndiye iwo akabwera kudzathirira maluwa ankabwerera ndi miyala m'chikwama, kuiwiritsa m'sefuliya ya jamu, ndipo masana anthu ali kumunda ankatsikira pa khomo la kukhitchini. Botolo limodzi ulendo umodzi, kenako miyala, umodziumodzi, mpaka vinyo afike kukhosi.

"Simunamweko?"

"Kumwa mwana wosayamba kuyenda? Uyu akufunika zaka makumi awiri. Ine sindidzamuona. Koma tsiku limene adzatsekule muno kuti andigoneke, adzamupeza atakhwima, ndipo anthu a Corbelay adzadziwa chimene Fernand anafera."

Anatenga botolo lapamwamba, kulipukuta ndi mkono wa jasi, n'kukhala nalo kaye m'manja ngati akulipepesa. Kenako anaswa phula ndi kampeni. M'chikwama anatulutsa kambale kasiliva kolawira vinyo, kothimbirira ndi zala za amuna awo, n'kuthiramo vinyo.

"Lawa kaye. Ukatero undiuze ngati ndalakwa."

"Ndili pantchito, amayi."

"Ulavula. Pansi apa palibe amene adandaule."

Maud anakulira pakati pa anthu onunkhiza matambula n'kumatchula maluwa ndi zipatso, ndipo mumtima mwake, ngakhale sanayerekezepo kunena, ankaganiza kuti akuluakulu amangonamizana. Vinyo kwa iye anali chinthu chowawasa chimene umanyowetsa nacho milomo pa ukwati. Anatengera kambaleko pa kuwala kochokera pakhomo. Vinyoyo sanali wakuda monga ankayembekezera. Anali wofiira moonekera, ngati dzanja ukaliika pa tochi. Fungo linafika lokha asanaweramire. Poyamba matcheri akuda, amene amathimbiriritsa zala. Kenako timaluwa tofiirira tija timamera m'munsi mwa mipanda chisanu chikamatha. Pansi pa zonsezi panali dothi lonyowa la m'nkhalango, ndi kautsi kakutali, konga kamene kamadzaza phiri anthu akamawotcha nthambi zodulira. Anaika pakamwa. Anali wozizira, wopepuka ngati madzi a pakasupe, moti kwa kamphindi anaganiza kuti palibe kanthu. Ndiye anayamba kufutukuka. Anadzaza m'kamwa monse, wosalala, koma pakati pake pali chinthu cholimba, chowongoka, chokana kugonja, chogwira nkhama mofatsa ngati dzanja la munthu wamkulu pa phewa. Munali dzuwa, koma munalinso m'mawa wozizira uja, zonse ziwiri, china chosaphimba chinzake. Ndipo ankamveka kuti akubisa zambiri kuposa zimene akuonetsa, ngati munthu wamanyazi amene wangonena dzina lake lokha.

Sanalavule. Anazindikira atameza kale, ndipo kukomako sikunachoke. Kunakhalabe, kukusintha, kukubwereranso, iye ataimirira pakati pa akufa a banja la eni, misozi ikulengeza popanda chifukwa chimene akanatha kulemba mu lipoti.

"Waona," Mayi Huguette anatero chapansipansi. "Ameneyu akathiridwe m'thanki?"

Kenako ananena chimene ankafuna. Iwo sankaopa ndende, ndipo Maud ankadziwa kuchokera kusukulu ya upolisi kuti lamulo lathu silizenga mayi mlandu wobera mwana wake. Ankaopa kuti Renaud akadziwa, mabotolo onse apita ku Beaune. Palibe umboni womutsutsa Joaquim, anatero, apolisi amusunga tsiku limodzi n'kumumasula. Ntchito amupezera kwa mlamu wawo ku Jura, kutali ndi kuno. Dédé sayankhula. Chotsala n'chakuti Maud aiwale kuti anakwera kumanda.

Zoona zake n'zakuti Maud anafuna kuvomera. Kukoma kuja kunali kukadali pa lilime, ndipo kunkawaikira kumbuyo mayiwo kuposa loya aliyense. Kukhala chete inali ntchito imene ankaidziwa bwino chibadwireni. Anakweza maso kuti ayang'ane pachipumi, koma mayiwo anali afupi, ndipo anakumana nawo maso ndi maso.

"Amayi, mukudziwa kuti Bambo Seixas akudziwa?"

"Akudziwa chiyani?"

"Zonse. Chaka chonse akhala akuupeza mgolowo wodzaza, osanena. Lero ndawauza kuti ndiwamanga, angonola mpeni. Andiuza kuti ndisataye miyala, ili ndi mwini wake." Anawayang'anabe m'maso. "Akutaya nyumba ndi dzina kuti dzina lanu lisatuluke pakamwa pawo. Inu mukuti apite ku Jura."

Mayi Huguette anakhala pansi pa sitepe. Kwa nthawi yoyamba anaoneka ngati mayi amene mawondo amukana. Anati iwo ankaganiza kuti Joaquim ndi wogona, amangoyenda ndi mtsuko wake maso ali kwina. Anati m'mawa wa chisanu uja, amene ananyamula Fernand pamsana kuchoka ku Combotte anali Joaquim. Anayang'ana mabotolowo, kuchokera pansi mpaka pamwamba.

"Muimbire mwana wanga," anatero.

*

Bambo Renaud anafika ali ndi ukali wa munthu amene wachotsedwa pa ntchito yake. Anatsika masitepe akufunsa kuti kumanda kwagwanji, ndipo funso linafera pakamwa. Anayang'ana mwala wa bambo awo, mabotolo, kambale kasiliva, mayi awo. Maud anakwera n'kukaima pakhomo, msana uli kwa iwo, koma mawu ankamufika.

Poyamba anali a mwana okha. Anakamba za wamalonda, za manyazi okauza munthu kuti mgolo umene anagula waperewera, za mmene mudzi udzasekere. Anafunsa chifukwa chimene sanamuuzire. Mayiwo anati anamuuza, iye n'kuyankha kuti amayi akalamba. Kenako Maud anamva vinyo akuthiridwa m'kambale. 

"Afunika zaka zingati?" Bambo Renaud anafunsa.

"Makumi awiri. Bambo ako akanati makumi atatu."

"Ndiye musafulumire kubwera kuno, amayi. Malo anu muli anthu."

Bambo Renaud atatuluka, maso awo anali ofiira. Anamuuza Maud kuti dandaulo lija alichotsa, ndipo wamalonda alandira chimene chatsala, akakana akane. Kenako anaima pa nsangalabwi paja, akupotokola chipewa, n'kufunsa, osati kwa Maud kwenikweni, kuti munthu amene wamutchula wakuba pamaso pa mkazi wake umamupepesa bwanji. Mayi Huguette anatuluka ndi botolo lina losatsekula n'kuwaika m'manja.

"Uyende nalo chogoneka. Ndipo pakamwa pako pakhale pafupi."

Maud anawaperekeza, chifukwa anali atalonjeza kuti madzulo abwera. Dzuwa linali litapendeka. Pa nyumba ya pamunda chitseko chinali chotsekula, ndipo m'chipinda chochezera munali makatoni okhaokha, ena omata kale, makatani atachotsedwa, mbale zitakulungidwa m'manyuzipepala. Bambo Joaquim ataona yunifolomu anaimirira n'kutenga jekete lawo. Maud anapukusa mutu.

Bambo Renaud anayankhula ataima pakhomo. Anati analakwa, akudziwa zonse, ndipo m'mawa akanena okha pa kanyumba kodyera anthu onse akumva. Mawuwo ankatuluka movutikira, ngati chitsekerero chakale. Kenako anapereka botolo ndi manja awiri.

Bambo Joaquim analilandira, kuyang'ana phulalo, n'kufunsa chinthu chimodzi chokha, ngati amayi ali bwino. Koma Mayi Graça sanasunthe pamene anaima.

"Limeneli timwe liti?" anafunsa.

"Pakatha zaka makumi awiri, mayi. Ndimati tidzatsekulire limodzi, pakhonde pano."

Mayi Graça anayang'ana botolo, anayang'ana amuna awo, kenako anayang'ana makatoni amene anatha tsiku lonse akumanga.

"Zaka makumi awiri," anatero. "Nanga awa amasule ndani? Ine ayi."

Bambo Renaud Vauchelet, mwini wa Combotte, anavula jekete n'kulipachika pa chitseko. Anagwada pa katoni yoyamba, kumatula, n'kufunsa kuti masupuni amakhala kuti.